Dzanja la Bambo pa Uvuni wa Laimu

Bambo anga sadasiye chithunzi. Manda awo kwathu ku Utale ndi kamtumbira chabe, monga timaikira ife Asilamu, ndipo mvula idakasalaza kalekale. Chimene adandisiyira ndi dzanja lawo pakhoma la uvuni wakale wowotchera laimu.

Pauvunipo panali mwambo. Munthu akawotcha miyala koyamba n'kutuluka laimu wabwino, ankaviika dzanja m'laimu wosungunula n'kulidinda pakhoma lakuda ndi mwaye. Manja analipo ambirimbiri, koma la bambo silinkasowa. Linali la zala zinayi, chifukwa chachisanu chidaphwanyidwa ndi nyundo akuswa miyala. Ndikawasowa ndinkapita kukaika dzanja langa pamenepo.

Uvuni utasiya kugwira ntchito, anthu anayamba kugumula miyala yake kukamangira zimbudzi. Zinandiwawa. Ndinatha nsapato m'maofesi ku Balaka, kusiya kalata yopempha kuti malowo asungidwe, ana adzadziwe kuti kuno kudapsa anthu, osati miyala yokha. Patapita nthawi anandiyankha kuti kubwera alendo kudzaona. Kumudzi anasankha komiti yokonzekera, wapampando wake amalume anga, munthu amene sadanyamulepo ngakhale chikuni chimodzi cha pauvunipo.

Tsiku la alendo ndinafika m'mawa pa kabaza. Ndili patali ndinaona mitengo yapakidwa laimu mpaka m'chiuno, timiyala ta m'mbali mwa njira natonso. Sindinadabwe, ndi mmene timalandirira akuluakulu. Koma titakhota, ndinaimitsa kabaza n'kutsika. Uvuni wonse unali mbee, kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Amalume anabwera akumwetulira, burashi ili m'manja.

"Mwaona? Tagwiratu ntchito!"

"Amjomba, manja aja ali kuti?"

"Iyayi, zija zinali zauve. Alendo adzaone mwaye ngati alowa m'khitchini? Tapaka kawiri. Laimu wake wabwinonso, wa m'sitolo."

Wa m'sitolo! Ndinatukwana tsiku limenelo, ine amene sinditukwana. Ndinathamangira pakhoma n'kuyamba kupala ndi zikhadabo, kenako ndi kiyi. Koma laimu ndi laimu. Watsopano anali atagwirana ndi wakale, ndipo ndikapala zinkachokera limodzi. Ndinasiya nditazindikira kuti mwina fumbi limene likugwera pamapazi panga ndi zala za bambo.

Alendo anafika, anayamikira ukhondo, anthu n'kuwomba m'manja. Mmodzi anafunsa za manja amene ndidalemba m'kalata yanga. Amalume anamuuza kuti akhoza kuitana anyamata adinde ena lero lomwe.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ogumula miyala aja manjawo ankawalambalala. Amene anandiphera bambo kachiwiri ndi osunga, ndipo ndidawaitana ndine.

Uvuni ulipobe, ndi chikwangwani chake. Ndimapitako n'kuika dzanja pakhoma, osadziwa ngati ndi pomwepo. Amalume tikakumana ku mzikiti amatambasula dzanja lawo la zala zisanu. Ndimangoliyang'ana.