Zala Zanga Zinatsala ku Manenekela

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Mnkhanya chaka chija cha chilala, chimanga chitauma chisanafike ndi m'chiuno momwe. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa loji ina ku Chinzombo, m'mbali mwa Luangwa. Ndinalowa ngati wotsuka magalimoto, kenako makaniko wa pamalopo anandiphunzitsa chiwongolero mpaka ndinakatenga laisensi ku Chipata. Koma ntchito ya pa loji ndi ya chilimwe chokha. Ikakwana nyengo ya dzinja azungu amapita kwawo, misasa imatsekedwa, antchito n'kubwerera kumunda. Chaka chimenecho tinabwerera kumunda kopanda kanthu. Ndiye dalaivala wina amene ankabweretsa katundu pa lojipo anandiuza kuti ku Lusaka kuli munthu akufuna madalaivala odziwa kuzula galimoto pamatope ndi m'maenje. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa, poti kwathu kuno galimoto imatitimira ngakhale pakhomo pa tchalitchi.

Mkazi wanga Esinati anali ndi mwana kumsana, Tisa, woyamba wathu. Sanandiletse. Anangofunsa kuti, "Mudzabwera liti, atate ake Tisa?"

Ndinati, "Ndikangopeza ya malata."

Amalume, a Sakala, amene anandilera bambo atamwalira, anandiperekeza mpaka pamsewu. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Pita, Yotamu. Kuno tifa tonse ndi njala. Ukatikumbuke."

Ku Lusaka ndinapeza bwana wanga watsopano, a Chilufya, munthu wamimba wokonda kuseka. Anali ndi magalimoto atatu okokera anzake owonongeka, aja timati bulekidauni, ndi mpanda waukulu wodzaza zigoba za magalimoto a ngozi. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza mmene zinthu zimayendera. Malipiro a pamwezi kunalibe. Ukakoka galimoto umalandira kagawo kako, ukapanda kukoka palibe chako. Pa kagawo komweko ankachotsapo dizilo, tayala likaphulika ankachotsaponso, tcheni ikasowa chimodzimodzi. Ndinavomera. Munthu amene wasiya mwana akulira njala sasankha.

Anandipatsa mnzanga wogwira naye ntchito, Mulenga, Mubemba wa ku Kitwe, amene ankamanga matcheni ine ndili pa winchi, makina okulunga waya wokokera. Tinkaimika galimoto pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu waukulu, wailesi ya ova-ova ili pampando, n'kumadikira. Ntchito yeniyeni inali imeneyo, kudikira. Dzuwa linkatiwotcha mpaka chitsulo cha chitseko osagwirika. Ikalira wailesi kuti kwachitika ngozi pakutipakuti, tinkathamanga ngati amisala, chifukwa mabulekidauni a anthu ena nawo amva. Woyamba kukoleka tcheni ndiye mwini nyama. Nthawi zina tinkatukwanizana ndi anzathuwo pamaso pa anthu amene angovulala kumene, ena akubuula pansi.

A Chilufya anali ndi lamulo lawo pa nkhani ya ovulala. Mwezi wanga wachiwiri ndinanyamula mayi wina amene anathyoka mwendo, ndinasiya minibasi yawo pamsewu n'kuthamangira naye kuchipatala. Pobwerera ndinapeza minibasiyo anthu ena akoka kale. Bwana sanakalipe. Anaseka n'kunena kuti, "Iwe wa ku Chipata, motoka yanga si ambulansi. Anthu ali ndi abale awo. Ife tinyamula chitsulo." Dizilo wa ulendo umenewo anandidula.

Lero ndikakhala pakhonde n'kumva lole ikudutsa patali, mtima umadumphabe ngati wailesi ija yalira. Ntchito imeneyo imasintha munthu. Mvula yoyamba ikagwa, msewu n'kuterera, ife tinkadziwa kuti sabata imeneyo tidya nyama. Kumapeto kwa mwezi anthu akaledzera, pa Khirisimasi mabasi akadzaza, ndiye kunali kukolola kwathu. Palibe amene ankapempherera ngozi, koma mwezi ukadutsa misewu ili bata, lendi inkatikanika. Mulenga ankati, "Ise tikhala monga wokumba manda. Anthu akakhala bwino, ise njala."

Ndinkakhala m'kachipinda ku Kanyama, koma masiku ambiri ndinkagona m'galimoto momwemo, poti tchuthi kunalibe, ngakhale Lamulungu. Chinyanja cha m'tauni ndinachizolowera, koma panalibe munthu woti ndiyankhule naye Chikunda. Nthawi zina ndinkadziyankhulira ndekha ndikuyendetsa, kuti ndingomva mawu a kwathu. Tinkaona zinthu zoti munthu akaziona amafuna wina womuuza. Nsapato ya mwana pansi pa mpando. Dengu la tomato lili bwinobwino, mwini wake ataphimbidwa chitenje pambali. Ndinalibe womuuza. Ndinkasamba m'manja ndi sopo wa mbale n'kukadya.

Ndalama ndinkatumiza kudzera mwa dalaivala uja wobweretsa katundu pa loji, iye n'kumandibweretsera mauthenga. Esinati ankanena za mwana ndi za munda. Ena onse ankanena zimene zikusowa. Mwana wa uje wadwala, denga la uje lagwa, sukulu ikufuna yunifolomu. Ndinagula malata a nyumba yathu pang'onopang'ono. Amalume ndinawagulira njinga. Mwana wawo Layitoni atagwa pa lole panjira ya ku Chipata n'kumwalira, ndinatumiza ya bokosi ndi ya ufa wa pamaliro, koma ine a Chilufya anandikaniza kupita. Inali nyengo ya mvula. Kwacha nayo inkatha mphamvu chaka ndi chaka, kagawo kanga osasuntha. Zaka zonse zimene ndinakhalako, kupatula mkazi wanga, palibe anatumiza uthenga wofunsa kuti kodi Yotamu amagona pati.

Chaka chachisanu, mwezi wa Okutobala, tinatumidwa kutali, ku mapiri a Manenekela panjira yobwera kuno kum'mawa. Lole ya matabwa inali itagwera kuphompho. Waya wa winchi yathu anali atayamba kuthothoka timinga, ndipo ndinali nditawauza bwana kangapo. Yankho lawo linali lomwelo: "Tikakoka iyi tigula." Tinafika masana, dzuwa lili pamutu. Mulenga anatsika kukamanga, ine ndinayamba kukoka. Loleyo inakwera pang'ono, kenako waya anayamba kukulungika mopingasa. Ndinatambasula dzanja lamanzere kuti ndimuwongole, monga ndinkachitira masiku onse, opanda magolovesi poti sitinapatsidwepo. Timinga tija tinakola chikhatho. Pomwepo chingwe china cha wayayo chinaduka, lole inabwerera m'mbuyo, dzanja langa n'kulowa m'winchi.

Sindinamve kuwawa poyamba. Ndinangoona Mulenga akukwera phiri chokwawa, akuvula shati. Anandimanga mkono n'kuimitsa galimoto ya munthu wina wodutsa. Zala zitatu zinatsala pomwepo, ndi mbali ya chikhatho.

A Chilufya anabwera kuchipatala patapita masiku. Anaima kumapazi kwa bedi, makiyi ali m'manja, n'kufunsa kuti, "Nanga motoka yanga munaisiya na ndani kuja?" Nditatuluka ndinapita kumpanda kuja kukafunsa za chipukuta misozi. Anandiuza mwaulemu ndithu kuti ine sindinali wantchito wawo, ndinali waganyu, ndipo palibe pepala limene tinasainirana. Ku boma kumene ndinakadandaula nako anandifunsa pepala lomwelo. Ndinayenda mpaka nsapato zinatha. Mapeto ake bwana anandipatsa ya basi ndi kathumba ka ufa, n'kundifunira ulendo wabwino. Pa bulekidauni yanga panali patakhala kale munthu wina. Mulenga anandiperekeza kokwerera basi. Anandigulira mabanzi.

Panjira yonse ndinkadzitonthoza kuti ngakhale zili choncho ndikupita kwathu. Basi inandisiya ku Chipata, ndinakwera lole mpaka ku Mfuwe n'kuyenda wapansi. Nyumba yathu ndinaionera patali, malata akuwala. Esinati anandilandira chikwama, anayang'ana dzanja lija nthawi yaitali, n'kulowa m'nyumba kukalira. Tisa, amene tsopano anali wa sukulu, anabisala kuseri kwa nkhokwe.

Masiku oyamba anthu anabwera kudzandiona, koma ndinaona kuti akukhala patali. Moni ankapereka ndithu, "Mwaswera bwanji, a Phiri," koma dzanja osatambasula, ngakhale langa lamanja linali labwinobwino. Kutchalitchi benchi imene ndinakhalapo inatsala ndi malo. Mayi wina anakoka mwana wake amene ankasewera pafupi ndi miyendo yanga. Ndinkaganiza kuti akuopa chilonda. Ku loji kuja nako, nditakafunsa ntchito, anandibweza. Anati dzanja lamanzere ndilo losinthira giya, komanso alendo sangakonde kuliona.

Tsiku lina tikupalira thonje ndinamufunsa Esinati kuti chikuchitika n'chiyani. Anaimika khasu n'kunena osandiyang'ana.

"Akuti munakhwima. Akuti ngozi zimene munkakokazo munkazichititsa ndinu ndi mankhwala, kuti mupeze ndalama. Zalazo akuti ndi malipiro ake."

"Akunena ndani?"

"Zinayamba pa maliro a Layitoni. Ndalama zanu zinafika msanga, inu osabwera. Anthu anati munadziwiratu."

"Ndafunsa kuti akunena ndani, amake Tisa."

"Amalume anu."

Ndinafunsa ngati iyenso amakhulupirira zimenezo. Anati, "Ndikanakhulupirira sindikanagona pansi pa malata amenewa. Koma kuchitsime ndakhala ndikutunga ndekha chaka chonsechi. Sindinafune kukuuzani muli kutali."

Madzulo ake ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza akupopa tayala la njinga. Ndinakhala pansi monga mwa mwambo, ndinawapatsa moni, kenako ndinawafotokozera zonse, za waya, za bwana, za mmene anandikanizira kubwera kumaliro. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

Anati, "Ine sindinakuone ukuchita kanthu, Yotamu. Koma munthu amene amadya pakagwa ngozi, mwana wanga n'kufa pa ngozi, ukufuna ndiganize chiyani?"

Ndinati, "Nanga njinga mukupopayi, amalume, inachokera kuti?"

Anati, "Njinga ilibe mlandu."

Anapitiriza kupopa. Ndinatsanzika n'kubwerera. A Chilufya anandidyera mphamvu ndi zala, koma iwo sanali kanthu kwa ine, ndipo sananamizirepo kundikonda. Mawu a amalume ndi amene anandigonetsa masiku awiri osadya.

Tinakhala choncho, ine ndi Esinati ndi Tisa, ngati alendo pamudzi pathu pomwe. Ndinaphunzira kugwira khasu ndi dzanja limodzi ndi theka. Thonje nalo ndinapeza kuti ndi ntchito yofanana ndi ija ndinasiya: mbewu ndi mankhwala amakupatsa pangongole, pogula amayamba adula zawo, iwe n'kutsala ndi kagawo.

Chaka chotsatira, mvula itangoyamba, lole yonyamula katundu wa m'magolosale inagubuduka pakamtsinje ka panjira yopita ku Msoro, pafupi ndi minda yathu. Unali m'mawa, anthu ali kumunda. Tinamva chiphokoso, tonse n'kuthamangira komweko. Ine ndinafika mochedwerapo. Ndinapeza loleyo itagona cham'mbali, shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira zili mbwee m'matope. Anthu anali kalikiliki kutola. Amayi ankamanga m'zitenje, anyamata ankathawa ndi makatoni pamutu, akulu a mpingo awiri ankalimbirana chigubu cha mafuta. Amalume anali atamangirira thumba la shuga pakaliyala, akukankha njinga kukwera mtunda.

Dalaivala anali atadzikoka yekha kutuluka pawindo. Anakhala pansi atatsamira tayala, magazi akuyenderera kuchokera pamutu mpaka m'khosi, mwendo utapindikira kumene suyenera. Anthu ankamulambalala. Sindikuti ndi anthu oipa kuposa ena. Chaka chimenecho njovu zinali zitatidyera minda, ndipo ambiri anali asanalawe shuga chiyambire Khirisimasi. Ndinkaidziwa njala imene inkawathamangitsayo. Ndi yomwe inkandithamangitsa ine ku Lusaka, iwo n'kumalandira.

Ndinagwada pambali pake. Esinati anang'amba mpango wake, ine ndinagwira mutu, iye n'kumanga, poti ine mfundo sinditha kumanga. Tinamumwetsa madzi n'kutuma Tisa kuti akaitane aphunzitsi amene anali ndi njinga yamoto. Munthuyo anali wa ku Petauke, wamkulu kuposa ine. Anayang'ana dzanja langa, kenako anayang'ana anthu aja akutha katundu wake, amene ankadziwa kuti bwana wake akamudula pa malipiro.

Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi achimwene, kuno kulibe anthu?"

Ndinati, "Alipo, bambo. Onsewa ndi abale anga."