Tsiku Limene Ndinaomba M'manja Njinga Ili pa Giya

Ndinali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi pamene maso a bambo anga anachita ng'ala. Tinkakhala kwa Maseya, ku Chikwawa, ndipo bambo ankagwira ntchito yothirira nzimbe ku esiteti. Anadzimana kwa zaka zambiri mpaka anagula njinga yamoto yofiira, koma anangoidyerera chaka chimodzi chokha. Tsiku lina anafika pakhomo akuikankha, thukuta lili kamukamu, nati ng'ombe imene inaima pamsewu anaiona atatsala pang'ono kuipsompsona. Kuyambira tsikulo njinga inalowa m'nyumba, anaifunditsa chiguduli, ntchito nayonso inathera pomwepo.

Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha anayi, woyamba ndine, Luwiza. Ndiye a Zuze, mng'ono wawo wa bambo, anaona kuti mwayi suposa apa. Sanali munthu woipa ayi, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Anabwera Lamlungu lina masana nakhala pansi pa mtengo wa masau.

"Achimwene, chitsulo chikangokhala chimachita dzimbiri," anatero a Zuze. "Pakhomo pano mwamuna woikwera palibe. Ndipatseni ndizikachita nayo kabaza ku Nchalo."

Bambo anati madokotala a maso akubwera ku boma kumapeto kwa mwezi, ndipo dzina lawo linalembedwa kale.

"Luwiza akandinyamula pa njinga imeneyi mpaka kuchipatala, njinga ikhala pano," anatero bambo. "Akalephera, udzatenge, ndi chiguduli chomwe."

Ine ndinali kuseri, ndikutsuka mbale. Abale inu, mbale inandipulumuka! Njinga yakapalasa ndinkaidziwa, kuno kuchigwa mwana amayamba kupalasa asanadziwe kumina mamina. Koma yamoto ndinali ndisanaigwireko ngakhale handulo. Ndinadziwanso chinthu chimodzi: njingayo ikatuluka pakhomo, bambo atsala munthu wongokhala pamkeka, kudikira kuti wina awagwire dzanja.

Tinayamba m'mawa mwake, dzuwa lisanalume, pabwalo la mpira la kusukulu, poti inali nthawi ya holide. Ndinkaganiza kuti ndifika n'kuiliza. Ayi ndithu, tsiku loyamba lonse injini sinalire. Bambo anandikhazika pampando, nagwira manja anga, namawaika pamalo pake mofufuza ndi zala.

"Dzanja lamanzere ndi la kilachi. Si buleki ngati pa kapalasa, wamva? Lamanja ndi lopereka moto, ndiponso lili ndi buleki yakutsogolo. Phazi lamanzere ndi la magiya, lamanja ndi la buleki yakumbuyo. Chiwalo chilichonse pa ntchito yake, palibe chopita kukacheza kwa chinzake."

Anandibwerezetsa mpaka ndinatopa. Akati "kilachi" ndifinye, akati "buleki" ndiponde. Ndikasokoneza ankamva ndi dzanja lawo limene linali pamwamba pa langa, ndipo ankangoti, "Wafa kale apo, tayambiranso."

Nkhondo yeniyeni inali ya zovala. Patapata anakaniza, ndinavala nsapato za kusukulu. Chitenje anati chikalowa m'masipoko chimakoka mwini wake. Mayi anga anati mwana wawo sangayende m'mudzi atavala buluku ngati wodula nzimbe. Anakangana madzulo onse, mpaka mayi anatenga buluku lakale la bambo, nalipinda m'miyendo, nandimangira kachitenje kakafupi pamwamba pake, mfundo yolimba ndithu. Nanga chipewa chija, helemeti! Amene anakhalako ku Chikwawa nthawi yotentha akudziwa. Mutu unkachita kuphikika m'menemo, thukuta kumatsikira m'maso. Nditadandaula, bambo anati kutentha mankhwala ake ndi madzi, koma mutu ukasweka sitolo yake kulibe.

Tsiku lachiwiri ndinaponda kiki, injini inalira, mtima wanga nawo unalira. Bambo anakhala pa njerwa m'mphepete mwa bwalo, mutu atapendeketsa. Sankandiona, ankangoona chinthu chofiira chosadziwika bwino, koma makutu awo, kalanga ine! Sunkawanamiza.

"Wachulukitsa moto!" ankakuwa. "Siya kilachi pang'onopang'ono, ngati ukutsitsa mwana wagona!"

Ndikasiya, njinga inkangoti duku, n'kuzima. Ndiponde kiki, ndisiye, duku, yazima. Sindinawerenge kuti kangati. Mwendo unatopa, misozi inali pafupi. Bambo osatekeseka, ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka, kaya zinatheka bwanji, ndinamva kilachi ikugwira pansi pa zala zanga, njinga inayamba kuyenda yokha mofatsa, mapazi anga anachoka pansi.

"Baba! Ikuyenda!" ndinakuwa.

"Ndikuimva! Yang'ana kutsogolo, usayang'ane ine!"

Ndinazungulira bwalo lonse ndikuseka ngati wopenga, kamphepo kakulowa m'khosi, phulusa la nzimbe zowotchedwa likundigwera pamikono. Pobwerera ndinapeza bambo aimirira, akuvina pafumbi ndi ndodo yawo. Bambo anga makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambique, ndipo akasangalala Chisena chinkatuluka chokha. "Pyadidi! Pyadidi, mwananga!" anatero, kutanthauza kuti zili bwino. Chimwemwe cha tsiku limenelo sindinachipezenso kwina kulikonse, ngakhale pa ukwati wanga.

Masiku otsatira anali a magiya ndi kuima. Injini ikalira mopyapyala ankati, "Ikupempha yachiwiri iyo, ipatse!" Ankagoneka ndodo yawo pansi kuti ndiime ndisanaiponde, ndipo ankabwera kudzafufuza ndi phazi kuti tayala laima pati. Anandiphunzitsa kuti mumchenga suthamangira buleki yakutsogolo, chifukwa tayala limaterereka. Anati njinga imapita kumene maso akuyang'ana, ukayang'anitsitsa dzenje ulowamo. Za mbuzi anati ikadutsa imodzi usasangalale, dikira mwana wake. Sabata yachitatu anabwereka helemeti yachiwiri kwa mnzawo wa ku esiteti, nakwera kumbuyo kwanga. Njinga inalemera, handulo inagwedera pang'ono, koma tinayenda.

Apa ndiye ndinayamba kudzimva. Ndinawapempha kuti tituluke pabwalo tikayese kanjira kopita kumadimba, kamene mbali imodzi kali ndi ngalande yamatope. Anavomera. Tikuyenda bwinobwino, ndinaona munthu akubwera kutsogolo wapansi, malaya oyera ositidwa, nsapato zopukutidwa. Anali a Zuze, akupita ku msonkhano wa kutchalitchi.

Kwathu mwana akakumana ndi wamkulu wa pabanja samudutsa ali pa njinga. Amaima, n'kuomba m'manja ndi manja onse awiri, mawondo atapinda pang'ono, ndiye n'kupereka moni. Moni wa dzanja limodzi ndi wa kwa mnzako. Mayi anandikhomerera zimenezi kuyambira ndili wamng'ono, ndipo sindinkachita kuganiza, thupi linkangochita lokha.

Ndinachepetsa moto, ndinafinya kilachi, ndinaponda buleki, ndinaima mwaulemu pamaso pa bambo aang'ono, mapazi pansi. Zonse molondola. Ndinafuna aone ndi maso awo. Kenaka ndinachotsa manja onse awiri pa handulo kuti ndiombe m'manja.

Njinga inali pa giya yoyamba, injini ikulira. Kilachi nditangoisiya, inalumpha kulunjika a Zuze. Iwo anakuwa "Mayo!" nadumphira m'mbali, ndipo m'mbalimo munali ngalande ija. Njinga inazima, inapendekeka, ine ndi bambo tinagwera mumchenga. Helemeti yanga inagunda pansi kuti gu.

A Zuze anatuluka m'ngalande matope mpaka m'chiuno, nsapato imodzi itatsala momwemo.

"Mwaona, achimwene? Mwaona? Mwana ameneyu akuphani! Ine wandiphonya pang'ono!"

Ndinalira. Manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi, ndinadziwa kuti njinga ndaipereka ndekha. Bambo anayamba andifufuza mikono ndi miyendo, nandifunsa ngati ekizozi yandiwotcha. Atamva kuti ndili bwino, ndiye anafunsa chimene chachitika, poti iwo sanaone kanthu. Ndinafotokoza ndikusisima. Nditafika pa kuomba m'manja, bambo anayamba kugwedezeka mapewa. Anaseka mpaka anagona chagada pamchenga, chigongono chikutuluka magazi.

"Zuze, m'bale wanga, wagwera m'matope chifukwa cha ulemu!" anatero akupukuta misozi. "Cholakwa n'changa. Ulemu tamuphunzitsa chibadwire chake, kilachi masabata atatu okha. Ukudabwa kuti chapambana n'chiti?"

"Nanga njinga?" anafunsa a Zuze.

"Mwezi sunathe."

Masiku awiri sindinaiyandikire njingayo. Ndikatseka maso ndinkaona bambo akugwa. Iwo sanandikakamize. Tsiku lachitatu m'mawa anandiitana pakhonde nati, "Luwiza, ngati ukuopa nena. Ndimuitana Zuze adzatenge, ndipo sindikukwiyira." Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Kufatsa kumeneko kunandipweteka kuposa mkwapulo. Ndinalowa m'nyumba, ndinavala buluku lija, ndinaitulutsa.

Phunziro latsopano linali la moni. Kuima, kuchotsa giya mpaka kanyale kobiriwira kayake, kuzimitsa injini, kuponda pansi bwinobwino, ndiye n'kuomba m'manja. Bambo anatenga mayi ndi amayi awiri oyandikana nafe nawaimika pabwalo kuti akhale akuluakulu okumana nawo panjira. Amayiwo anaikonda ntchitoyo zedi. Ankayenda monyang'wa, wina akudziyesa abusa, ndipo ndikaima aliyense ankathawira kumbali akukuwa, "Tisafe ngati a Zuze!" Bwalo lonse linali phwete. Bambo anawonjezera kuti pamsewu waukulu, pamene kuima n'koopsa, kugwedeza mutu n'kokwanira. Wamkulu wanzeru sakwiya ndi moni wa mutu, amakwiya ukamugunda.

Tsiku la chipatala a Zuze analawirira kudzaonerera. Ndinaitulutsa njinga, ndinaizungulitsa pabwalo la pakhomo, ndinaima patsogolo pawo. Giya ndinachotsa, injini ndinazimitsa, ndinaomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, bambo aang'ono?"

Anayankha ali kuseri kwa mtengo wa masau, mutu wokha ukuoneka. Mayi anaseka mpaka anakhala pansi.

Ulendo wa ku boma ndimaukumbukira wonse. Ngolo ya ng'ombe imene ndinaitsatira mpaka msewu utaoneka bwino, fumbi la thirakitala yonyamula nzimbe, mbuzi zitatu ndi kamwana kake kotsalira, minibasi imene inatiliza hutala ine n'kungokhala kumbali kwanga osanjenjemera. Sindinathamange. Bambo anakhala phee kumbuyo, manja awo ali m'chiuno mwanga mopepuka. Titaima pachipata cha chipatala, ndinazimitsa injini. Anatsika, nandigwira paphewa.

"Takhuta, mwananga," anatero. Ndiko kuthokoza kwa Chisena, ndipo aka kanali koyamba kuti andithokoze ngati munthu wamkulu.

Anawachita opaleshoni diso limodzi tsiku lomwelo, ine ndinagona kwa azakhali pa boma pomwepo. M'mawa mwake anamasula bandeji ndilipo. Bambo anaphethira, anayang'ana denga, anayang'ana namwino, kenaka anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Iwe, unakula liti chonchi?" anafunsa.

Titatuluka panja, ndinawauza kuti akwere tizipita. Anakana. Anaima pamthunzi, dzanja litatchinga diso lija ku dzuwa.

"Mwezi wonse ndakhala ndikukumva ndi makutu," anatero. "Tazungulira kamodzi, ndikuone."

Ndinazungulira. Kamodzi kokha, pang'onopang'ono, chifukwa misozi inali itadzadza m'helemeti ndipo kutsogolo sikunkaoneka bwino.

Njinga inakhala pakhomo. A Zuze sanaitchulenso, ndipo patapita nthawi anali iwo amene ankauza anthu kumsika kuti mwana wa achimwene awo amayendetsa kuposa anyamata akabaza. Chiphaso ndinadzatenga pambuyo pake, ndipo lero sindingalole mwana wanga kutulukira pamsewu waukulu asanachitenge. Pano ndine mlangizi wa zaulimi, ndimayenda pa njinga yamoto tsiku ndi tsiku m'midzi ya kuno kuchigwa.

Chimene sindinachimvetse nthawi imeneyo ndinadzachimvetsa nditayamba kunyamula ana anga. Munthu wosaona anakwera kumbuyo kwa mwana amene anamugwetsa sabata yapitayo, napita naye pamsewu wa mathirakitala ndi maminibasi, osafinya chiuno, osakuwa. Ine ndinkayesa kuti sankaopa. Chaka chatha ndinawafunsa, tili pakhonde, tsitsi lawo lonse litayera.

"Baba, tsiku lija simunkaopa?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Ndinkaopa kwambiri," anatero. "Koma ndikanakuuza, ukananyamula mantha a anthu awiri. Ako okha anali okwanira."