Ankolo a M'foni

Ine kusankha fodya ndimakudziwa. Tsamba ndikangoligwira ndimadziwa ngati ndi la pansi kapena la kunsonga, ndipo wina akabisa lonyowa pakati pa louma ndimalitulutsa ndisanaliyang'ane n'komwe. Kwathu kuno kufupi ndi Santhe anthu amandiitana pa ntchito imeneyi. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti ine si munthu wopusa. Ndinangopusa kamodzi, koma ndinapusa mokwanira.

Foni ya tachi ndinagula chaka chimene mwana wanga wamkazi analowa Fomu 3. Aphunzitsi anati masiku ano mapepala a mayeso akale amatumizidwa pa gulu la pa foni, ndipo mwana wopanda foni amatsalira. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho wogula ndinali ine, woyang'anira ndinalinso ine. Kutchalitchi tinali titachenjezedwa kale kuti mafoni akuwononga ana, ndiye ndinaika malamulo. Foni inkakhala m'jumbo, jumbo pa msomali wa m'chigafa momwe ndinkasankhira fodya. Akafuna kuigwira ankakhala pambali panga. Ndikaona dzina la mnyamata ndinkalamula kuti lifufutidwe pomwepo, ngakhale litakhala la mwana wa abusa.

Tsiku lina tili mkati mosankha, jumbo lija linayamba kunjenjemera. Mwana sanadzuke. Linanjenjemeranso, iye maso ali pa masamba. Ndinalitsitsa ndekha. Maso angawa amaona bwino fodya, koma timalemba ta pa foni timawavuta. Ndinangotha kuwerenga dzina la pamwamba, loti Ankolo, ndi mzere umodzi: "Mwana wanga, wadya? Bwanji sukundiyankha?"

Ine mlongo wanga ndi mmodzi yekha, achimwene amene anapita ku Joni kalekale. Kwathu kuno amalume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wopanda bambo amadalira iwowo. Koma achimwene angawo ndi munthu woti chaka chimatha osaimba foni. Nditaona kuti ayamba kufunsa ngati mwana wadya, mtima wanga unakondwa kwambiri.

"Iwe, ankolo ako akukufunsa, iwe uli duu?"

"Amayi, ankolo amenewa..."

"Amenewa atani? Munthu wamkulu sayankhidwa mawa. Yankha ndikuona."

Anayankha. Mawu ake ndinamuuza ndine: ndadya, kaya inu ankolo. Mwana wangayu ndinamulera bwino. Amagwada popereka madzi, salandira chinthu ndi dzanja limodzi, ndipo wamkulu akamalankhula samudula pakamwa. Anthu ankandiyamikira pa zimenezi ndipo ine ndinkavomera kuti n'zoona.

Patapita sabata, ankolo anapempha chithunzi cha mwana atavala yunifolomu. Iye anati sakufuna. Ndinamufunsa ngati nkhope yake yasanduka ya golide. Ndinati ankolo ako anakusiya ulibe mano akutsogolo, lero akufuna aone mmene wakulira, iwe ukukana? Ndinamudzozetsa mafuta, n'kumuimika patsogolo pa chigafa, n'kumujambula ndekha. Ndinajambula katatu chifukwa ziwiri zoyambazo sanamwetulire.

Kenako ankolo aja anayamba kumutumizira bandulo ya intaneti. Ine ndinkauza azimayi anzanga ku mjigo kuti achimwene atembenuka mtima. Ndiye Lachitatu lina mwana anabwera n'kugwada, mawu ali pansipansi.

"Akuti ndikatenge nsapato za kusukulu Loweruka ku msika, kuseri kwa chigayo. Akuti ndipite ndekha."

Sindinadabwe. Katundu wa ku Joni amabwera ndi anthu a magalimoto, ndipo amatsitsa pomwe afuna. Zopita yekha zinandikomera, chifukwa Loweruka lomwelo tinali titabwereka jeke yodindira mabelo ndipo sindikanachoka pakhomo. Ndinamupimira mtedza wosenda woti akapatse wobweretsa katunduyo. Lachinayi anati m'mimba mukumupweteka. Ndinamuuza kuti nsapato satengera m'mimba.

Lachisanu masana ndinaganiza zothokoza. Kuimba ku Joni kumadya mayunitsi ngati mbuzi m'dimba, n'chifukwa chake sindinkaimba, koma munthu wogulira mwana wako nsapato sumuthokoza kudzera mwa mwana. Ndinatenga kafoni kanga ka mabatani n'kuimba.

"Achimwene, ndati ndithokoze. Mwatichotsa manyazi ndi nsapatozi."

"Nsapato zanji, mlongo?"

"Za mwana. Zija akatenge mawazi."

"Mwana uti? Ine namba yake ndilibe. Kodi ali ndi foni?"

Mayunitsi anathera pomwepo. Ndinakhala chiimire pakati pa chigafa, kafoni kali kukhutu, ndikumvetsera chete. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire, ngakhale tsiku lomwe matalala anagwa pa fodya wosathyola.

Ndinamuitana mwana uja. Anabwera n'kugwada monga mwa nthawi zonse. Ndinamuuza kuti andiwerengere mauthenga onse kuyambira pachiyambi, osadumpha. Munthuyo anatenga namba yake pa gulu la mapepala a mayeso lija. Anati amathandiza ana a sukulu, ndipo anamuuza yekha kuti amusunge pa dzina loti Ankolo. Panali mawu ambiri okoma. Pakati pa okomawo panali ena: usauze amayi ako, ufufute ukawerenga, mwana waulemu sakaniza akuluakulu. Lonyowa linali pakati pa louma, ndipo ine katswiri ndinali nditangoona tsamba la pamwamba.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinayamba kukuuzani, amayi. Munati munthu wamkulu sayankhidwa mawa."

Sananene mwachipongwe. Akananena mwachipongwe bwenzi zili bwino, ndikanapeza pokalipira. Ndinachita manyazi pamaso pa mwana wanga yemwe. Ine ndinkadziwa amalume, amene amakhala mmodzi ndipo umadziwa mudzi wake ndi manda a makolo ake. Ndinaiwala kuti kwa ana a masiku ano ankolo ndi mwamuna aliyense wamkulu, wa kabaza, wa m'golosale, wogula soya pa sikelo.

Loweruka jeke inadikira. Ndinapita ndekha ku Santhe, foni ili m'chitenje, n'kukaima kuseri kwa chigayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Panadutsa amuna ambiri, ena pa njinga, ena wapansi. Onse ankaoneka ngati ankolo a munthu wina. Mmodzi anandipatsa moni, ndinamuyang'ana mpaka anapepesa osadziwa chomwe walakwa. Nditaimba namba ija inali yozimitsa, ndipo siinayakenso. Ndinakanena kupolisi, Lolemba n'kukauza aphunzitsi aakulu. Iwo anatseka gulu lija n'kutsegula lina lolowa okhawo amene akuwadziwa nkhope. Mtedza tinadya tokha.

Chithunzi chija sichinabwerere. Chili kwinakwake m'thumba la munthu amene sindikumudziwa, mwana wanga atadzola mafuta, chigafa changa chili kumbuyo kwake. Ndikachikumbukira ndimapsa mtima, ndipo wojambula ndimamudziwa.

Masabata otsalawo tinkasankha fodya uku ndikumuphunzitsa mwano. Ndinkakhala ankolo ineyo. Ndinkakulitsa mawu n'kunena kuti, mwana wanga, tanditumizira chithunzi. Tsiku loyamba anayankha kuti pepani, mwina mawa. Ndinati bwereza. Anati pepani, ayi. Ndinati pepaniyo wamulakwira ndani? Anati ayi, koma atagwada. Zaka khumi ndi zisanu ndinazithera kumuphunzitsa kugwada, ndiye sizikanatheka kuti adzuke sabata imodzi. Azimayi odutsa ankamva mwana akukuwa kuti sindikufuna, mayi ake n'kumati kweza mawu, ndipo ankapita akupukusa mitu. Ndinamuuzanso kuti akadzayamba kundiuza kanthu ine n'kumudula, adzapitirize kulankhula mpaka nditamva. Foni ndinaichotsa pa msomali. Madzulo aliwonse tinkawerenga limodzi, iye akuwerenga mokweza, ine ndikufunsa kuti ameneyu ndi mwana wa yani.

Titatsala pang'ono kudinda belo lomaliza, achimwene enieni anaimba okha, koyamba m'chaka chimenecho. Nditawafotokozera nkhani ija, inawakhudza. Anati mwana ameneyu sindikumudziwanso nkhope, tandijambulireni ndimuone. Ndinavomera msanga, poti ndi mwini mbumba. Atadula, ndinatenga foni ya tachi ija n'kumuitana mwana kuti akadzole mafuta aime patsogolo pa chigafa.

Anabwera, koma sanagwade.

"Ayi, amayi. Sindikufuna. Akafuna kundiona abwere."

Dzanja langa linanyamuka lokha, monga linazolowera. Linafika m'mwamba, iye ali chiimire akundiyang'ana. Ndinalitsitsa n'kulibwezera m'masamba. Kenako ndinaika mayunitsi ena n'kuwauza achimwene kuti mwana wakana.