Mwamuna Wobwereka wa pa Geti la Chipatala

Pa geti la chipatala china chaching'ono pamakhala wosoka nsapato amene amayi onse amamutcha Wobwereka. Dzinali linadza ndi lamulo. Akuluakulu a zaumoyo ataona kuti abambo akuzemba udindo, analamula kuti mayi woyembekezera akamadzayamba sikelo azibwera ndi mwamuna wake. Wobwera ndi mwamuna ankalowa msanga, wobwera yekha ankadikira kumapeto kwa mzere mpaka dzuwa paliwombo. Lamulolo linali labwino ndithu, kungoti olipanga anaiwala kuti amuna ena ali kutali kuntchito, ena anathawa mimbayo, ndipo ena angalole kulumidwa ndi galu kusiyana n'kukhala pabenchi pakati pa azimayi akuimba nyimbo za kulera.

Woyamba kumubwereka anali mtsikana wina amene anamupeza akulira kuseri kwa mpanda. Wosoka nsapatoyo anamva chisoni, anapukuta guluu m'manja, anavala jekete lake n'kulowa naye ngati mwini wake. Nkhani yotere sigona panjira. Posakhalitsa jeketelo linapatsidwa msomali wakewake pamtengo wa pageti, ndipo chala chake chinabayidwa poyezetsa magazi mpaka kusowa pobaya. Namwino wamkulu, mayi wa magalasi okhuthala, ankadziwa zonse, koma kwa iye kunali bwino mayi aonedwe kusiyana n'kubwerera. Ankangomuyang'ana Wobwereka pamwamba pa magalasiwo n'kumuuza kuti Mulungu anamudalitsa ndi banja lalikulu.

Mukamufunsa, Wobwereka amati ankachita zimenezi chifukwa cha chifundo, kenako amaseka yekha n'kuvomera kuti chifundocho chinali ndi mchira. Kusukulu anali wa benchi lakumbuyo, wosalozedwa ndi mphunzitsi ngakhale mwangozi. Kuno ankakhala kutsogolo, ndipo namwino akafunsa zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera, dzanja lake linkakwera funso lisanathe. Akafunsidwa za mkazi amene wangomudziwa pageti pomwepo, ankayankha mosadodoma kuti amadya bwino, amagona m'neti, ndipo kunyumba samulola kunyamula ndowa. Akabwerera pantchito ankaphunzitsa aliyense wobwera ndi nsapato yong'ambika, ngakhale madala opanda mano, za ubwino woyamwitsa mwakathithi. Mumtima mwake anali theka la dokotala.

Kunyumba kwake, mkazi wake anali ndi pakati, mimba yobwera mochedwa onse ataganiza kale kuti za matewera anathana nazo. Miyezi inapita, mimba inaonekera, koma kusikelo sanapondeko. Anamuuza mwamuna wake mosapsatira kuti iye sangakalowe m'chipinda chimene theka la azimayi ake analowa kale ndi mwamuna yemweyo, kuti akamunong'one kuti mkazi wamkulu wafika. Wobwereka anaseka, n'kuisiya nkhaniyo. Ankati mayi amene anabereka kale kangapo njira amaidziwa. Chala sichiloza mwini.

Tsiku lina mkaziyo anamupatsa nsapato zake zopitira kutchalitchi kuti azikulitse, zayamba kuthina. Mmisiri anazinyowetsa, anazikokakoka, n'kudandaula kuti nsapato za masiku ano n'zachabechabe, zimafota zokha. Patapita masiku mkaziyo anazibweretsanso. Iye anazidula m'mbali n'kuikamo kachikopa, ndipo ntchitoyo anainyadira kwambiri moti anaionetsa kwa mlonda wa pageti.

M'mawa mwake anabwerekedwa ndi mayi wina wogulitsa makala. Anakhala pamalo pake pa masiku onse, ndipo namwino atafunsa chizindikiro chimene mayi sayenera kugona nacho kunyumba, iye anayankha mokweza kuti ndi kutupa mapazi. Azimayi anamuwombera m'manja. M'manjamo musanathe, anakumbukira nsapato za mkazi wake. Anaona kachikopa kaja m'maso mwake, ndipo anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. Anamusiya wamakala pabenchipo wopanda mwamuna kachiwiri, n'kuthamangira kunyumba.

Anapeza mkazi wake atakhala pakhonde, atamanga kansalu kolimba pamutu, zala zitatupa mpaka mphete kumira. Nyimbo zonse ndi maphunziro onse aja anamuthawa. Anangogwada n'kumupempha kuti apite, ndipo ngati ndi manyazi, iye atsalira panja, mkaziyo abwereke mlonda. Mkaziyo anavala masilipasi a mwamuna wakeyo, poti ndi okhawo amene anakwana, n'kutsogola.

Atalowa, azimayi anagwedezana kuti Wobwereka wapezanso wina. Namwino nayenso anayamba nthabwala yake ija, koma atamanga lamba wopimira kuthamanga kwa magazi pamkono pa mayiyo, kuseka kunathera pomwepo. Anapimanso mkono winawo. Anatembenukira kwa mwamunayo n'kumufunsa kuti mutu unayamba liti kuwawa. Iye sanadziwe kuti ukuwawa. Nanga maso, akuona bwinobwino? Mwana m'mimba akusewera ngati kale? Munthu amene ankayankhira akazi a eni popanda kumeza malovu anangoyang'ana mapazi a mkazi wake atasefukira m'masilipasi.

Namwino anavula magalasi.

"Bambo, lero si tsiku la masewera. Mayiwa sabwerera kunyumba, tiwagoneka pompano, ndipo mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Pitani mukaitane mwamuna wawo weniweni, amene amakhala nawo ndi kuwadziwa."

Wobwereka anaimirira ndithu, ngati akupita kukamufuna munthuyo. Mkazi wake anamugwira jekete n'kumukhazika pansi.

"Sadziwa kanthu, anamwino," anatero motopa. "Koma wanga ndi yemweyu."