Aling Panyang ndi Mizere Itatu Yosaseka

Aling Panyang, ndiye kuti Mayi Panyang, anachapa zovala za anthu zaka makumi atatu ndi zinayi pa mpopi wa mumsewu wathu ku Tondo, mu mzinda wa Manila, ndipo zambiri mwa zakazo ine ndinali pambali pawo, beseni langa likugundana ndi lawo. Dzina lawo la ubatizo linali Epifania, koma ndani ku Tondo ali ndi nthawi yotchula dzina lonselo? Anali mayi wamfupi, wa mikono yolimba, wosalankhulalankhula. Mwendo wawo wamanzere unali wopindika, ndiye akavala nsapato zathu zamatabwa zija unkawadziwira patali: kho, khwee, kho, khwee.

Mwendowo sanabadwe nawo choncho. Chaka chimene mzinda unapsa, nkhondo ili kumapeto, mwamuna wawo Doroteo, amene tinkangomuti Teo, anabisala kunsi kwa nyumba, nyumbayo n'kuyamba kuyaka. Tonse tinathawa. Panyang anabwerera, namukoka miyendo mpaka panja, ndipo mtanda wa denga unawagwera iwo pabondo. Doroteo anatuluka wopanda ndi kachilonda komwe. Ndinaona ndi maso angawa, wina asandiuze zina.

Zikomo wake anali wotani? Patapita zaka zisanu mwamunayo ananyamuka tsiku lina masana, mkazi ali kumpopi, n'kusiya mwana wawo Medy akulira pakhomo. Sanatenge mphika kapena mphasa. Anangoanula pachingwe diresi lachikasu la maluwa ofiira, limene Panyang anasoka okha pa ukwati wawo. Tinkaganiza kuti wakaligulitsa. Bola akanaligulitsa!

Doroteo ntchito ya manja ankaiopa ngati matenda, koma kutsanzira anthu kokha ndiye ankakutha. Anakathera ku Avenida, msewu waukulu wa m'tauni, m'holo ya zisudzo yotchedwa Marikit, ndipo pofika chaka cha 1956 Manila yense ankamudziwa. Ankatulukira pa nsanja atavala diresi lija, thabwa lochapira m'manja, akukoka mwendo: kho, khwee. Kenako ankagwira m'chiuno n'kukuwa ndi mawu a mkazi, “Teooo! Mpunga watha!” Anthu ankagwa m'mipando ndi phwete. Ndipo galuyo sanasinthe ngakhale dzina. Seweroli ankalitcha Panyang.

Mawuwo anafika ku Tondo pa jipi, minibasi zathu za kuno. Madalaivala akationa titasenza mitolo ya zovala ankaliza hutala n'kukuwa, “Teooo!” Ana ankawatsata pambuyo akukoka miyendo. Mkazi aliyense wolongolola anayamba kutchedwa Panyang, pomwe mwini dzinalo sindinamumvepo akukweza mawu. Ine ndinkaphulika. Tsiku lina ndinathira dalaivala wina madzi a sopo kumaso.

“Musiyeni, mare,” anatero Panyang osadzutsa mutu, poti mare ndi mmene tinkaitanirana paubwenzi wathu. “Sopo ndi wodula.”

Anapirira chaka chathunthu. Chimene chinawathyola mtima chinali cha Medy. Mtsikanayo anapeza mnyamata wabwino, wokonza mawotchi, ndipo abale ake anabwera kudzapempha ukwati monga mwa mwambo, atanyamula chakudya chawo. Ine ndinali kukhitchini kuthandiza. Panyang anatuluka ndi thireyi ya khofi: kho, khwee. Amalume a mnyamatayo anayesa kudzigwira, masaya n'kufufuma, kenako khofi yense anatulukira m'mphuno.

“Pepani, pepani,” anatero akupukuta misozi. “Koma ndi yemweyo ndithu! Mayi, tanenani kamodzi kokha zoti mpunga watha.”

Alendo anapita nkhani isanathe. Mawa lake unabwera uthenga woti ukwati uyambe wadikira, chifukwa amayi a mnyamatayo sankafuna kuti anthu adzaseke m'tchalitchi mayi wa mkwatibwi akamalowa. Medy anagona chafufumimba masiku awiri osadya. Tsiku lachitatu Panyang anafinya malaya omaliza, nawaponya m'beseni, natembenukira kwa ine.

“Mare Sianing, Lamlungu mundiperekeze ku Avenida. Ndikufuna ndikadzione.”

Chibadwire anali asanalowepo m'holo ya zisudzo. Tinatsika jipi cha m'ma leveni, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali thithithi moti sunkaona pamene ukuponda. Ogulitsa mtedza, ogulitsa mikanda ya maluwa, asilikali a pamadzi, mabanja ovala za kutchalitchi, onse kukankhana kunsi kwa zikwangwani za makanema. Ndinawagwira dzanja kuti khamu lisatilekanitse. Mwadzidzidzi anaima nji. Pamwamba pa khomo la Marikit panali chithunzi chopenta, chotalika ngati nyumba yosanja: diresi lachikasu, mwendo wopindika, kukamwa kuli yasa.

“Maluwa achulutsa,” anatero. “Langa lili ndi asanu okha kutsogolo.”

Tinagula matikiti a pansi, otchipa aja, poti olemera amakhala m'mwamba. Tinakhala kumbuyo. Kunabwera oimba, ovina, ndi bambo wina womeza malupanga. Kenako kho, khwee, holo yonse n'kuphulika. Ine ndinkafuna kuvula nsapato ndimugende Teo. Panyang anangokhala phee, maso ali pa nsanja, ngati akuyang'ana banga pa malaya a munthu. Magetsi atayaka anaona kuti anthu ambiri sakudzuka. Ena ankamasula mpunga wawo n'kumadya pomwepo.

“Bambo, anthuwa bwanji sakutuluka?” anafunsa mkulu wina pambali pathu.

“Mwachokera kumudzi, mayi? Tikiti ndi imodzi. Mukalowa m'mawa mutha kukhala mpaka atseke, mumaonera kanayi konse. Zalembedwa pakhomo.”

Tinaoneranso kachiwiri, ine ndikudandaula kuti kamodzi kanakwana. Apa ndi pamene anandikodola.

“Mwaona, mare? Magetsi amamuthobwa m'maso. Amangoona mizere itatu yakutsogoloyo. Akaponya nthabwala amayang'ana pamenepo, akaseka amenewo ndiye kumbuyo kumatsatira. Teo ndimamudziwa. Kunyumba ukapanda kumusekerera, ankafota ngati ndiwo zamasamba.”

Mizere itatuyo inali ndi mipando makumi anayi ndi iwiri. Anaiwerenga potuluka.

Musaganize kuti kupeza akazi makumi anayi ndi awiri kunavuta. Pa mipopi ya ku Tondo panalibe wochapa amene sanatchedwepo Panyang ndi kamwana kamamina. Tinagwirizana kuchapa mbandakucha, kuyanika, ana aakulu n'kumaanula. Lolemba, zitseko za Marikit zisanatsegulidwe, tinali kale pamzere, aliyense ndi tikiti yake ndi mpunga wake wa nsomba zouma m'tsamba la nthochi. Panyang anakhala pakatikati pa mzere woyamba, atavala zakuda.

Lamulo lawo linali limodzi. Oimba tiziwaombera m'manja, ovina tiziwaimbira mluzu, womeza malupanga tizimukuwira mpaka mawu athe. Koma akangotuluka Teo, manja pachifuwa, pakamwa tseke.

Anatuluka monyada, akukoka mwendo. “Teooo! Mpunga watha!” Kumbuyo kunamveka kuseka, koma kutsogolo kunali zii. Anayang'ana pansi, nakumana ndi nkhope makumi anayi ndi ziwiri zouma gwa, pakati pake pali mkazi wake. Thabwa lochapira linamupulumuka. Analitola, napitiriza, koma mawu anali atachepa. Kuseka kwa kumbuyo kunayamba kudukaduka, poti munthu sachedwa kuchita manyazi akamaseka yekha. Ine mtima unali mbee. Kanayi tsiku limenelo anatuluka, kanayi anatipeza.

Zinali zovuta, ndisaname. Mwamunayo anali ndi luso, ndipo Lachiwiri anabwera ndi nthabwala zatsopano. Mayi wina wa mzere wachiwiri anatsala pang'ono kuphulika, ndinachita kumutsina ntchafu mpaka misozi. Ena anabwera ndi masokosi a makasitomala n'kumasoka zigamba. Teo akuvina, ife tikulowetsa ulusi m'singano.

Lachitatu mwini holo anatsika yekha, ndudu yaikulu kukamwa.

“Amayi, mwaonera kokwanira. Perekani malo kwa ena.”

“Tikiti ndi imodzi, bwana,” anayankha Panyang. “Mwalemba nokha pakhomo.”

“Nanga bwanji simukuseka?”

“Pakhomo simunalembe kuti kuseka n'kokakamiza.”

“Ndiitana apolisi!”

“Aitaneni,” ndinalowerera ine. “Theka la apolisi a kuno mayunifolomu awo timachapa ndife. Tiwauze kuti mukutimanga chifukwa chokhala chete?”

Anabwerera akutafuna ndudu yake. Pofika Lachinayi nkhani inali itafalikira mu Avenida monse, kuti mayi wa zakuda wa kutsogoloyo ndiye Panyang weniweni. Holo inadzaza kuposa kale, koma anthu sanabwere kudzaseka. Ankasuzumira kutsogolo, kunong'onezana, ndipo Teo akakoka mwendo ena ankayang'ana pansi.

Lachisanu, pa chionetsero chachiwiri, dzuwa lili pamutu kunja, anatuluka thukuta lili kamukamu, utoto wa kumaso ukuyenderera. Anayenda masitepe atatu. Anatsegula pakamwa kuti akuwe mawu ake aja, koma sanatuluke. M'holo monse munali chete moti tinkamva mahutala a mumsewu. Anayang'ana mkazi wake, nalankhula ndi mawu ake enieni, aang'ono.

“Panyang, chonde. Ndi ntchito chabe.”

Panyang anadzuka. Kuchokera pampando wawo kukafika pa masitepe a nsanja sipatali, koma anayenda mosafulumira, ndipo anthu onse aja anamva phokoso limene analipira chaka chathunthu kuti aziliseka: kho, khwee, kho, khwee. Palibe anatsokomola n'komwe. Anakwera, naima patsogolo pake. Ankamufika paphewa.

“Auze anthuwa mwendowu ndinaupeza kuti.”

Teo anangoti kukamwa yasa, ngati pachithunzi chake chija.

“Wayiwala? Mare, mukumbutseni.”

Ndinaimirira n'kutembenukira kumbuyo. Mawu anga ndi a pampopi, safuna chokuzira. Ndinawauza za moto, za mwamuna wobisala kunsi kwa nyumba, za mtanda wa denga. Sindinawonjezere kanthu, panalibe chifukwa. M'mwamba mwa olemera mayi wina anakuwa, “Iwe, wopanda manyazi!” Chitsononkho cha chimanga chinauluka n'kumumenya pakhutu.

Panyang anatambasula dzanja. “Vula diresi langa.”

Anavula pomwepo, likumukola m'mutu, natsala ndi vesiti yong'ambika ndi buluku lopindira m'mawondo. Pamenepo ndiye mizere itatu inaseka. Tinaseka kuseka kwa masiku asanu, mpaka nthiti kuwawa, holo yonse n'kutitsatira. Panyang okha sanaseke. Anapinda diresilo bwinobwino monga timapindira za makasitomala, naliika pamkono, natsika. Tinatuluka pambuyo pawo tonse makumi anayi ndi mmodzi, anthu akutipatukira.

Sabata yotsatira chithunzi chija anachipaka laimu. Holo zina za mu Avenida sizinamufune Teo, chifukwa akangoonekera anthu ankakuwa kuti “Vula!” Abale a mnyamata wa mawotchi anabweranso, ndipo Panyang anawapatsanso khofi, akuyenda pang'onopang'ono dala. Amalume aja anayang'ana m'kapu mpaka kunyamuka. Pa ukwati wa Medy, Panyang analowa m'tchalitchi atavala diresi lachikasu. Anali atalichapa kanayi ndi madzi otentha, nabweza msoko umene mimba ya Teo inaphulitsa.

Wina angaganize kuti apa mtima wawo unatsika. Ayi ndithu. Ansembe anawauza kuti akhululuke, iwo anayankha kuti adzaganizira akapeza nthawi, ndipo nthawiyo sanaipeze. Teo anathera pa ngolo ya mtedza wowiritsa, pafupi ndi khomo lomwelo la Marikit. Panyang atamva, mayi amene kale sankaponda ku Avenida anayamba kupitako Lamlungu lililonse tikatuluka Misa, atavala diresi lija, ine ndili pambali. Anachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi, mpaka mwendo unakaniratu kukwera jipi.

Ankatsika patali dala kuti awamve akubwera pakati pa khamu lonselo. Teo ankayamba kukulunga mtedza tisanafike n'komwe. Panyang ankaika kandalama kawo pa ngolo, kulandira kaphukusi, n'kumuyang'ana m'maso nthawi yaitali.

“Teo,” ankatero motsitsa mawu, “kwathu mpunga ulipo.”

Mtedzawo sankadya. Ankapatsa ine.