Manja Anatseguka Okha

Wowotcherera zitsulo wina ali ndi zaka 63, mkazi wake anamwalira, ana alipo awiri. Amamutchula Chibakera chifukwa pa unyamata wake ankamenya nkhonya. Chimene anapata kumeneko ndi mphuno yopindika ndi khutu limodzi logontha.

Mwana wake wamwamuna ankakonza mafoni pafupi ndi depoti, akaweruka n'kumakaphunzira judo muholo ya sukulu. Kumeneko kuli lamulo: ukamupana khosi mnzako, iye n'kukugogoda pantchafu, umamusiya pompo. Lamulo ndi labwino, munthu asafere masewera. Koma mwanayo analizolowera mpaka manja anasiya kufunsa mutu.

Tsiku lina masana mbava inatsomphola foni patebulo pake. Iye anaigwira mbavayo, anaigwetsa, n'kuipana khosi monga anamuphunzitsira. Pophiriphitha, mbavayo inamumenya pantchafu. Manja anatseguka okha. Mbava inatola sikuludiraiva n'kumubaya paphewa. Kuyambira pamenepo zala zake sizigwiranso tizitsulo ta m'foni.

Bala lisanapole n'komwe, mwana wamkazi, amene amagulitsa nsalu yekhayekha m'kashopu, anafika pamalo owotcherera atanyamula zovala zoyera m'jumbo. Chibakera anazimitsa makina.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Za karate, bambo. Si judo ya achimwene ija ayi."

"Karate. Kumenya mphepo ulibe nsapato, kwinaku ukukuwa ngati wapsa ndi phala. Mbava idikira kuti uvule nsapato, uiweramire kaye?"

"Amaphunzitsanso kulanda mpeni."

"Mpeni wa labala. Mnzako amautambasula n'kuima chilili ngati akukupatsira nthochi. Wa judo amafuna malaya oti agwire ndi matiresi oti agwerepo. Wa taikondo amaponya mwendo kumwamba n'kutsala pa mwendo umodzi ngati tambala. Zonsezo n'zabwino muholo."

"Nanga nkhonya zanu zija?"

"Bodza lomwelo. Nkhonya zinandiphunzitsa kupirira ululu, izo n'zoona. Koma tsiku limene anandizinga anthu atatu kuseri kwa bala, ine ndinakhazikitsa mapazi n'kumayang'ana mmodzi, poti mubwalo mdani amakhala mmodzi. Botolo linachokera kumbuyo." Anagwira khutu logontha lija. "Masewera aliwonse ali ndi woimbira. Mumsewu mulibe. Akafuna katundu, mpatse. Ukapeza mpata, thawa, uzikuwa."

Mwanayo anamuyang'ana nkhope ili gwa.

"Ndithawire kuti, bambo? Shopu yanga ili ndi khomo limodzi. Munthu akaima pakhomopo, ine ndili m'thumba. Ndipo si onse amabwerera nsalu."

 Mkwiyo wa Chibakera unalipobe, koma unasowa pogwera. Anaponya pansi chigoba chotchinga kumaso powotcherera, galasi lake n'kung'aluka.

M'mawa mwake anakalankhula ndi mwini nyumba imene muli shopu ya mwanayo. Mwini nyumba anayamba kuwiringula za khoma lake.

"Khoma n'lanu, mwana ndi wanga," anatero Chibakera. "Ndiboola, ndikonza, simulipira kanthu. Mukakana, asamuka."

Anaboola khoma la kumbuyo, anaika chitseko chachitsulo chotsegukira kunja, chachitsekerero chongokankha ndi chigongono. Pakauntala anawotchererapo mawaya mpaka kudenga. Kenako anamuimika mwanayo kuseri kwa kauntala n'kumuthamangitsa kudzera pachitsekocho mobwerezabwereza, mpaka miyendo inasiya kufunsa mutu.

Ku karate mwanayo amapitabe, ndipo bambo ake sanapondeko. Mchimwene wake tsopano amagwirira zitsulo ndi dzanja lamanzere, bambo akuwotcherera.