Mayi Onjezani ndi Bowa Wosapezeka

"Iwe wa sukulu, ungathe kulemba zoti munthu wophunzira akawerenga asaseke?"

Anandifunsa choncho azakhali anga Lolemba lina m'mawa, manja atawabisa m'juzi chifukwa cha chisanu. Ndinati ndingathe. Ndinali nditamaliza sukulu miyezi iwiri m'mbuyomo, ndikungozungulira pakhomo ngati nkhuku yosowa poikira, ndipo panalibe amene anandipemphapo chinthu choposa kutsuka mbale.

Azakhali anaphika zaka makumi awiri ndi zitatu pa sukulu ina yogonera komweko. Ana ankawatchula kuti Mayi Onjezani, poti mawu amene ankamveka tsiku lonse pa windo la khitchini anali omwewo: "Onjezani, mayi, onjezani!" Ankaonjezadi, makamaka kwa ana owonda. Miphika yawo inali yoti ine n'kulowamo n'kukhala pansi. Mchere ankathira ndi kapu, anyezi ankayeza ndi ndowa. Mkono wawo wamanja unali wonenepa kuposa wamanzere, ndipo ankati umenewo ndiye satifiketi yawo.

Chaka chino sukulu inapereka khitchini kwa kampani yobwera ndi ophika ake. Azakhali analandira kalata yoti nyumba ya sukulu, imene tinkakhalamo awirife, tituluke pakutha kwa mwezi. Alibe mwamuna, alibe mwana. Kopita kunali kwa bambo anga kokha, kumene anthu asanu ndi awiri amapanikizana m'zipinda ziwiri. Anayenda m'mahotela ndi m'malesitilanti, ndipo kulikonse ankangoyang'ana imvi zawo n'kunena kuti asiye nambala.

Kenako panapezeka dokotala wina wamkazi wofuna wophika wa panyumba. Ntchitoyo inali ndi chipinda kuseri, cha bafa lake. Koma adokotala anafuna kuyesa kaye. Loweruka kunali kubwera alendo asanu ndi atatu kudzadya chamadzulo. Azakhali atumize mndandanda wa zakudya pa foni, ukavomerezedwa akaphike. Lamulo linali limodzi: zonse zikhale zatsopano, za m'chitini ayi.

"Lemba," anatero azakhali. "Poyamba supu wa dzungu, tsabola pang'ono kuti m'mimba mufunde. Kenako nkhuku yowotcha ndi mandimu, mbatatesi, karoti, kabichi wokazinga ndi anyezi. Pomaliza keke ya malalanje."

"Kabichi, azakhali? Kwa adokotala?"

"Wakulakwira chiyani kabichi? Chisanu chikamatha m'pamene amatsekemera. Malalanje nawo ndi omaliza awa, madzi okhaokha. Lemba iwe, usandiphunzitse ntchito."

Ndinalemba. Koma atatuluka kukayanika zovala ndinawerenganso, manyazi n'kundigwira. Zinkamveka ngati chakudya cha tsiku lotsekera sukulu. Ndinaganiza za adokotala akuseka. Ndinaganizanso, ndisaname, za adokotala akufunsa kuti, "Walemba bwino chonchi ndani?" Ndinatsegula zithunzi za zakudya pa foni. Dzungu ndinachotsa, ndinaika supu wa bowa watsopano. Kabichi ndinafufuta. Keke ya malalanje inasanduka mango ozizira a kirimu. Ndinakometsera ndi mawu ataliatali, n'kutumiza.

Yankho silinachedwe: "Zabwino kwambiri! Alendo ndawauza kale." Azakhali anavina m'khitchini, mthiko uli m'manja. 

Anadziwa Lachinayi, adokotala ataimba foni kufunsa kuti bowayo agula kuti, poti amuna awo amamukonda koopsa. Ndinaona nkhope ya azakhali ikugwa. Anangoti, "Tiona, mayi, tiona." Atadula foni anatembenukira kwa ine.

"Tandiwerengera zimene unatumiza."

Ndinawerenga.

"Mwana wa achimwene, tasuzumira panjapo. Mtengo wa mango uwo uli ndi chiyani?"

"Maluwa."

"Ndiye alendowo ndikawapatse maluwa?"

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Ndinawapempha kuti aimbenso foni anene kuti wolakwa ndine. Anakana.

"Ndikanene kuti mayi wamkulu ngati ine sindidziwa zimene zalembedwa m'dzina langa? Pamenepo andilemba ntchito kapena angondimvera chisoni?"

Lachisanu lonse tinathera m'misika. Mphepo inali kutimenya ndi fumbi, milomo itasweka. Azakhali ankalowa mzere uliwonse, benchi ndi benchi, ngakhale ankadziwa yankho lake.

"Bowa?" anatero bambo wina wogulitsa masamba. "Amayi, mvula mwabwera nayo m'chikwamamo? Tulutsani tidzale!"

"Mango bwerani pakatha miyezi inayi," anakuwa mayi wa pa benchi ina. "Ndikusungirani aakuluakulu."

Anthu anaseka. Azakhali, amene nthabwala sizinkawadutsa osabweza, anangopitirira. Msika wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. M'sitolo yaikulu, pamalo a bowa watsopano panali mbee, ndipo wogulitsa anati galimoto ibwera sabata ya mawa. Panali wa m'chitini yekha. Azakhali ananyamula chitini chimodzi, kuchitembenuza, kuchiika m'basiketi, kuyenda nacho mpaka potulukira. Kenako anabwerera nacho.

"Nditha kumutsuka n'kumukazinga," anatero motsitsa mawu. "Koma amene amakonda bowa akalawa adziwa. Ndiye ndikhala wabodza weniweni."

Podikirira basi anavula nsapato. Mapazi anali atatupa.

"Ana mazana anayi tsiku lililonse," anatero, osandiyang'ana. "Palibe anagonapo ndi njala. Lero anthu eyiti andigonetse panja?"

Anavalanso nsapatozo n'kubwerera kumsika woyamba. Kumeneko ndinaona azakhali akugwira ntchito yawo. Dzungu ankaligogoda ndi chala, khutu lili pafupi, ndipo anakana asanu asanatenge lachisanu ndi chimodzi. Kabichi ankamufinya ndi manja onse awiri. Lalanje lililonse ankaliyeza m'dzanja, lopepuka n'kulibweza. Bambo wa nthabwala uja anasiya kuseka, anayamba kuwatulutsira za pansi pa benchi.

Loweruka anapita okha, atavala epuloni yosita, ndipo anagona konko. Anabwera Lamlungu m'mawa. Ndinawachingamira pa geti.

"Anadya?"

"Anadya mpaka kupukuta mbale ndi buledi. Bambo wina supu anapempha katatu."

"Ndiye basi ntchito mwaipeza!"

Anapukusa mutu. Adokotala anafika mochedwa kuchokera kuntchito, pamodzi ndi alendo oyamba, moti panalibe mpata wofotokoza. Anali atasindikiza timakadi, kamodzi pa mbale iliyonse, polembedwa bowa ndi mango. Supu atafika, amuna awo anayamba kuvundula ndi supuni, amvekere, "Bowa wanga wamira, ndani amatha kusambira?" Alendo anafa nazo. Adokotala sanaseke. Alendo atapita, adokotalawo analowa m'khitchini.

"Anati, 'Mayi, kuphika mumatha, sindikana. Koma munthu wolonjeza china n'kubweretsa china, ndingamusiyire bwanji makiyi a nyumba yanga?'"

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati pepani."

"Basi?"

"Unkafuna ndinene chiyani? Lolemba madzulo akuyesa mayi wina. Yankho Lachiwiri."

Sanapume n'komwe. Anatsitsa makapu m'kabati n'kuyamba kuwakulunga m'nyuzipepala, imodziimodzi. Ananditumiza kukapempha makatoni ku golosale. Nditabwera anandifunsa ngati kachipinda ka bambo anga kosungira makasu kamadontha. Ndinati pang'ono. Anati palibe kanthu, mvula ikadali kutali. Masiku anali atatsala asanu ndi anayi.

Ndinakhala pa katoni ina ndikuwayang'ana kumsana. Ndinkadziwa kuti ndikaulula ndiwavula ulemu umene anaugula ndi "pepani" wawo uja, ndipo mwina sandilankhula mwezi wathunthu. Ndinkadziwanso kuti adokotala atha kundithamangitsa ndisanamalize. Komabe ndinatsimikiza mtima: Lolemba ndilawirira ku chipatala kumene amagwira ntchito, ndikaima pa mzere pamodzi ndi odwala, ndipo akadzandifunsa kuti chikundivuta n'chiyani, ndikawauza kuti azakhali anati dzungu, kabichi ndi malalanje, koma amene anasintha ndine.